ECG ikulemba mano a sowo jenereta ikayaka

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni. Pa kiliniki ina kuno ku Lusaka tili ndi ECG (makina olemba papepala mmene mtima ukugundira) yamphatso yochokera ku America. Malaiti akakhalapo imalemba bwino, koma tikayatsa jenereta mzere wonse umangokhala mano a sowo. Ma electrode (timapepala tomata pakhungu) ndasintha, ma lead (mawaya ake) ndayesa pa simulator (kachipangizo kotsanzira mtima), alibe vuto. Adokotala ayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira.

aTembo: Mwanawe, usanamasule chilichonse, zula pulagi makinawo ayendere batire jenereta ikulira. Kenako werenga timanoto. Pepala likamayenda 25 mm pa sekondi, kabokosi kamodzi ndi 0.04 sekondi. Ukapeza timano tiwiri m'kabokosi, imeneyo ndi 50 Hz (maulendo 50 pa sekondi) ya magetsi athu omwe, si wodwala akunjenjemera.

Mai Phiri: Mwati America? Chisomo, lowa mu menu uone filter, yosefa phokoso la magetsi pa mzere. Kwawoko magetsi ndi a 60 Hz, ndipo makina ambiri amabwera ali pomwepo. Ine ndinataya sabata yathunthu pa zimenezi.

Chisomo: Pa batire mzere wayera. Pa jenereta timano n'tiwiridi, ndipo filter inali pa 60! Ndaika pa 50, phokoso lachepa koma silinathe.

aTembo: Silingathe. Filter ili ngati bandeji pa chilonda chosatsuka. Jenereta zambiri zimafuna kuzungulira ka 1500 pa mphindi (rpm) kuti zipereke 50 Hz yeniyeni; akayatsa autoclave (makina ophera tizilombo pa zida) liwiro limatsika, phokoso n'kudutsa pambali pa filter. Chizindikiro cha mtima pakhungu n'chochepa zedi, pafupifupi 1 mV (0.001 V), pamene khoma likupereka 230 V. Popanda earth (waya wopititsa magetsi osokera m'nthaka) yabwino, sungachione. Tsatira waya kuchokera pa makina mpaka pa jenereta, wosadumpha pena.

Chisomo: Pepani aTembo, ndachita manyazi. Kuseri kwa kabati kuli extension ya mawaya awiri okha, pini ya earth yangokhala yokongoletsa. Jeneretanso ilibe ndodo yapansi.

Mai Phiri: Iyayi, imeneyo si nkhani ya pepala lokha. Makina akadontha magetsi, njira yake ikhala pachifuwa cha munthu. Isakhudzenso wodwala ili pa khoma.

aTembo: Uyendere batire mpaka wamagetsi akhomere ndodo. Ukatero yeza kuchokera pa pini ya earth kufika pa chitsulo cha makina, isapitirire 0.3 ohm. Nyengo ino nthaka yauma gwa, muuze akhomere mozama. Analyser yanga, choyezera chitetezo cha magetsi, ubwere udzatenge Lachisanu, koma ibwerenso ndi ma probe ake onse.