Ndikawauze chiyani makolo za ubongo wa ana? Thandizeni

Membala wobisa dzina: Abale anga, ndapanikizika. Ndimaphunzitsa kusukulu ya mkombaphala, chaka chachinayi tsopano. Mwezi watha anatitumiza kumaphunziro a masiku atatu a kakulidwe ka ubongo wa ana. Tinapita awiri, mnzangayo tsiku lachiwiri anazemba, koma satifiketi analandira ndithu. Pano ahedi akuti ineyo ndikalankhule kwa makolo Loweruka, mnzangayo mutu wayamba kale kumupweteka. Malipiro a mwezi watha sitinawaone, koma zimenezo tisiye. Kabuku kamene ndinalembamo kananyowa. Chomwe ndikukumbukira n'chakuti m'zaka zoyambirira timinyewa ta muubongo wa mwana timalumikizana kopitirira 1 miliyoni pa sekondi iliyonse. Nditawauza alamu anga, anangondifunsa ngati ndiye kuti agule zidole zambiri. Alamu omwewa sanandibwezerebe foni yanga yakale. Ndiyambire pati kuti makolo asagone?

Namwino wa ana: Achemwali, anawo ndi a zaka zingati? Ndipo akupatsani mphindi zingati?

Bambo Wowerenga: Nkhani ndi MAWU basi! Mu 1995 ofufuza a ku America, Hart ndi Risley, anapeza kuti pofika zaka zinayi, mwana wa m'banja losauka amakhala atamva mawu ochepera ndi 30 miliyoni kuyerekeza ndi wa m'banja lopeza bwino. Lembani nambala imeneyo pabolodi, kukula kwake ngati chitseko. Makolo amafuna kuwadzidzimutsa.

Mayi wa mapasa: Kudzidzimutsako ine kunandidwalitsa. Wina wachipatala anandiuza kuti masiku 1,000 oyambirira a mwana, kuyambira ali m'mimba mpaka zaka ziwiri, akatha ndiye kuti mwaphonya. Anga anali atakwanitsa kale zaka ziwiri, ndipo chaka chawo choyamba ndinali chigonere. Ndinalira njira yonse. Lero ali sitandade 5, mmodzi ndi wolongolola moti ndimachita kumupempha kuti apume.

Wophunzira za maganizo: Bambo Wowerenga, pepani, kafukufuku ameneyo anachitika m'mabanja 42 okha ku Kansas City, ndipo 30 miliyoniyo anachita kuwonkhetsa kuchokera pa ola limodzi lomwe ankajambula mwezi uliwonse. Mu 2018 ofufuza a kuyunivesite ya MIT ku America anaunika ubongo wa ana a zaka 4 mpaka 6, napeza kuti chogwirizana kwambiri ndi mbali ya ubongo yoona za chilankhulo ndi kulandizana mawu: mwana anena, wamkulu ayankha, mwana abweza. Osati kungomukhuthulira mawu.

Bambo Wowerenga: Mwana iwe, ndinayamba kuwerenga zimenezi usanamere mano. Mabanja akhale 42 kapena 4,200, mawu ndi mawu.

Mnyamata wa nthabwala: Ine amayi ankandikalipira mawu 30 miliyoni pa sabata, bwanji masamu ndinalephera? 😂

Agogo aakazi: Ana inu vuto ndi mafoni. Mayi akuyamwitsa, mwana akumuyang'ana kumaso, iye maso ali pa Facebook. Mwana amwetulira, palibe womubwezera. Kenako mukafunse kwa azungu chimene chavuta.

Mayi wa mapasa: Agogo, nanga abambo ake ali kuti nthawi imeneyo? Chilichonse mayi, mayi.

Namwino wa ana: Pa za mafoni, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linati mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. N'chifukwa chake ndikufunsa msinkhu. Ine pamsonkhano sinditchula n'komwe mawu oti ubongo. Ndimapempha mayi mmodzi akhale kutsogolo ndi khanda lake. Likaloza chinthu n'kunena "ba", mayi ayang'ane komweko, atchule dzina la chinthucho, kenako adikire. Kudikirako ndiye kumavuta, akuluakulu timafulumira kudzaza mpata. Khanda likabweza, onse amaseka, ndipo amva.

Bambo Wowerenga: Zamasewera. Auzeni za ana amasiye a ku Romania. Kafukufuku wa ku Bucharest, likulu la dzikolo, anaonetsa kuti amene anachotsedwa m'nyumba zosungira ana n'kupatsidwa mabanja asanakwane zaka ziwiri anachira bwino kuposa amene anachedwa. ZAKA ZIWIRI. Mayi wa mapasa munachita mwayi chabe.

Mayi wa mapasa: Anga sanali kogona okha mchipinda popanda wowanyamula, bambo. Analipo azakhali awo. Musandifanizire.

Mnyamata wa nthabwala: Ingowaikirani nyimbo za Mozart muzipita kwanu.

Wophunzira za maganizo: Ngakhale kafukufuku wa 1993 wonena kuti kumvera nyimbo za Mozart kumanola nzeru anayesa ophunzira a kuyunivesite, osati makanda, ndipo kusinthako kunatha patangopita mphindi pang'ono. Koma bwanamkubwa wa chigawo cha Georgia ku America mu 1998 anakonza zoti khanda lililonse lizilandira nyimbozo. Umo ndi mmene nkhani zimapotokera pochoka kwa ofufuza.

Bambo Wowerenga: Ndiye tisanene kalikonse? Aphunzitsi, ndilembereni kumbali ndikutumizireni masamba 60.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Pano ahedi akuti pulojekita yafa, ndipo mnzanga uja akuti abwera kudzangomvera. Kodi ndivale yunifolomu kapena zovala zanga?

Namwino wa ana: Achemwali, anawo zaka zingati?