Kochi akufuna wosewera wa ACL abwerere m'bwalo pa miyezi 7: ndimulole?

Fizio wa timu:
Akuluakulu, ndine fizio (wothandiza ovulala kuchira ndi mafizo) wa timu ya mpira wamiyendo, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mnyamata wosewera pakati amene anaduka mtsempha wa ACL (umene umagwira bondo mkati kuti lisagwedere) ku bondo lamanja. Papita miyezi 7 chimuchitireni opaleshoni, ndipo anamuika kachidutswa kochokera ku hamstring (minofu yakumbuyo kwa ntchafu) yake yomwe. Akuthamanga bwino, bondo likuwongoka lonse. Podumpha ndi mwendo umodzi akufika 92 peresenti ya mwendo wabwinowo, koma mphamvu za minofu yakutsogolo kwa ntchafu zili pa 78 basi. Akachita tireningi yokhotakhota, m'mawa mwake bondo limadzuka lotupa pang'ono. Kochi akumufuna pa benchi kumapeto kwa mwezi uno, komanso kontrakiti yake ikutha. Ndapanikizika.

Fizio wamkulu:
Achimwene, 78 ija ndi kutupako zayankha kale. Asalowe. Kudumphako kusakupusitseni: osewera ndi ochenjera, thupi limabera. Chiuno ndi akakolo zimagwira ntchito ya ntchafu yofookayo, mtunda n'kukwana, koma bondo silinanyamule kanthu. Mumujambule ndi foni, kutsogolo ndi chammbali, muone mmene akuterera. Mukaona bondo likugwera mkati, kapena akutera mwendo uli gwa osaupinda, mwapeza vuto.

Kafukufuku wa Delaware-Oslo wa mu 2016 anapeza kuti mwezi uliwonse umene munthu wadikira, mpaka kufika pa miyezi 9, umachepetsa chiopsezo chovulalanso bondo ndi pafupifupi theka. Anaonanso kuti ntchafu zolingana mphamvu zimateteza. Ndiye mulingo ndi 90 peresenti kupita m'mwamba pa mphamvu ndi pa kudumpha komwe, osati chimodzi chokha.

Dokotala wa mafupa:
Ndikugwirizana nawo mayi fizio wamkuluwo. Kachidutswa timaikako sikakhala mtsempha tsiku lomwelo. Kamasinthika pang'onopang'ono kwa nthawi yopitirira chaka. Koma ine chandigwira mtima ndi kutupako. Kodi meniscus (kachicherechere kokhala pakati pa mafupa a bondo) inasokedwa pa opaleshoniyo? Akumva bondo likukodwa kapena kulira popinda? Ngati inde, abwerere kwa amene anamuchita opaleshoni musanawonjezere katundu wa tireningi. Muyezenso hamstring, poti mpamene anadula.

Fizio wa timu:
Meniscus sinakhudzidwe, adokotala, ndipo silikodwa. Hamstring ili pa 85.

Wolimbitsa matupi a osewera:
Pamenepo kutupako n'chizindikiro choti katundu wachuluka msanga. Koma chonde musamuchotse pagulu n'kumutsekera mu jimu yekhayekha, mumupha mtima. Azichita nawo zopatsirana mpira atavala bibu ya mtundu wina kuti anzake asamugunde. Zokhotakhota muyambe ndi zimene akudziwiratu kolowera, kenako zodzidzimutsa, kugundana kubwere pomaliza. Bondo likatupa mawa lake, mubwerere sitepe imodzi.

China chimene timaiwala: mwendo "wabwino" uja nawonso wafooka pa miyezi yonseyi. Ndiye 90 peresenti ya mwendo wofooka si 90 yeniyeni. Ngati muli ndi zotsatira za mayeso amene anachita ligi isanayambe, asanavulale, yerekezani ndi zimenezo. Ndipo mwendo winawo muziulimbitsanso, chifukwa ACL yake nayo imaduka anthu akabwerera.

Kochi, wosewera wakale:
Mundilole ndiyankhuleko ngati kochi, poti mwatipanga afiti muno. Ukatiuza kuti "sanachire" timamva ngati mantha a achipatala, chifukwa maso athu akuona munthu akuthamanga. Bwerani ndi manambala papepala ndi tsiku loyezanso. Muwauzenso akochi anuwo kuti Virgil van Dijk wa Liverpool anavulala ACL mu Okutobala 2020, anadumphitsa mpikisano wa Euro, n'kudzaseweranso mu Julaye 2021 pa masewero okonzekera ligi. Ngati Liverpool inadikira miyezi 9, ife tikuthamangira kuti?

Koma mnyamatayo mwacheza naye panokha? Wa kontrakiti yakutha sanena zoona za ululu, ngakhale mutamufunsa bwanji pagulu.

Fizio wamkulu:
Akochi alasa. Mumupatse mafunso a ACL-RSI, amene amayeza mantha ndi kudzidalira. Ndipo nkhani ya kontrakitiyo itembenuzeni: kafukufuku wa UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, anaonetsa kuti osewera apamwamba pafupifupi onse amabwerera, koma patatha zaka 3 ndi 65 peresenti okha amene amakhala akuseweranso pa mlingo womwe uja. Kubwerera msanga sindiko kumamupatsa ndalama, koma kukhalitsa.

Fizio wa timu:
Zikomo nonse. Ndamujambula lero, ndipo bondo likugweradi mkati akatopa. Takhala pansi ndi kochi ndi adokotala a timu. Tagwirizana kuti mwezi uno palibe benchi, jimu ikhale ya ntchafu ndi hamstring, ndipo tidzayezanso pakatha masabata 6. Akadutsa 90 ponseponse bondo osatupa, ayamba tireningi yogundana, kenako mphindi zochepa ndi timu yachiwiri miyezi 9 ikakwana. Kochi wati za kontrakiti akayankhula yekha ndi akuluakulu a timu. Alipo amene ali ndi fomu ya ACL-RSI yaifupi ija anditumizire?