Ana kulima akudziwa koma Agriculture akulakwa, ndiwathandize bwanji?

Madamu_Limbuli:
Aphunzitsi anzanga ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Agriculture fomu 1 ndi 2 pa CDSS ina kuno ku Mulanje. Ana angawa ndi alimi enieni, ena amayamba adzera kumunda asanabwere kusukulu, nandolo, chinangwa, nanazi amazidziwa kuposa ine, koma funso likangobwera m'Chizungu basi mutu waima. Sabata yatha ndinafunsa za soil erosion kalasi yonse zii, nditangoti kukokoloka kwa nthaka manja onse m'mwamba, mtsikana wina mpaka anafotokoza mmene namondwe wa Freddy anakokololera munda wa agogo ake mu 2023. Zimandiwawa chifukwa MANEB sidzawafunsa m'Chichewa.

Che_Luchenza:
Madamu, atulutseni mkalasimo. Ine ndimapita nawo kudimba la sukulu, tiphimbire kaye mbewu ndi mapesi, manja ali mbuu ndi dothi ndiye ndimawauza kuti chomwe mwapangachi ndi mulching. Chimanga ndi nandolo munda umodzi, kasakaniza uja amachita amayi awo, ndi intercropping. Mawuwo timalemba pa makatoni osweka nkukhoma kukhoma, uku Chichewa uku Chizungu, ena amaonjezera okha Chilomwe.

Mlangizi_Thyolo:
Zoona. Komanso itanani alangizi a mdera lanu tsiku lina. Kwathu kuno ana onse anaona nthochi zikutha ndi chisaka, ukawauza kuti dzina lake la m'buku ndi banana bunchy top saiwalanso.

Bambo_a_Mphatso:
Ine ngati kholo ndili ndi nkhawa pang'ono. Mukawazoloweza Chichewa kwambiri adzakhoza bwanji MSCE, poti ukalakwa Chizungu setifiketi palibe? Mwana wanga ndikufuna adzafike ku koleji ya zaulimi ya Bunda, asadzathere kuthyola tiyi ngati ine.

Che_Luchenza:
Bambo musadandaule, Chichewa ndi poyambira chabe, notsi ndi mayeso zonse timalemba m'Chizungu. Ndipo chimene chimawagwetsa kwambiri si mawu a ulimi ayi, ndi timawu ta mafunso tija, state, describe, explain. Mwana amayankha mawu amodzi pomwe afunsa kuti afotokoze, malikisi nkupita. Lachisanu lililonse ndimatenga mapepala akale a JCE, tingomasulira mafunso okha osayankha.

Madamu_Limbuli:
Zikomo nonse. Makatoni ndikapempha kugolosale mawa. Che Luchenza, mapepala akalewo mungandijambulireko pa WhatsApp? Kuno tili ndi awiri okha, enanso anadyedwa ndi chiswe.