Namasupuni pa Malombe: mitambo yanditchinga

Anaphiri: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Andipatsa ntchito yokonza mapu osonyeza pomwe namasupuni wafika pa nyanja ya Malombe, makamaka pomwe Shire amathira madzi akadutsa pa boma la Mangochi. Ndikugwiritsa ntchito zithunzi za Sentinel-2. Setilaitiyi imadutsa masiku 5 alionse, koma chiyambireni Januwale chithunzi choyera ndapeza chimodzi chokha, zina zonse mitambo. Vuto lina, ndikawerengetsa NDVI (muyeso wa kubiriwira kwa zomera) mu pulogalamu yokonzera mapu ya QGIS gombe lonse likutuluka lobiriwira. Bango, gumbwa ndi namasupuni sizikusiyana.

Che Saidi: Za mitambozo, tengani Sentinel-1. Ija ndi radar, imajambula kaya kuli mitambo kaya ndi usiku. Madzi a bata amatuluka akuda, zomera zoyandama zimawala. Koma chenjerani ndi mphepo, achemwali. Mafunde nawonso amawala pa radar. Ine nthawi ya mwera ndinalemba dera lalikulu kuti ndi namasupuni, kupitako pa boti ndinapeza madzi okhaokha. Sankhani tsiku lomwe nyanja inali zii.

Achisale: Pa kusiyanitsapo musavutike ndi mtundu, onani kayendedwe. Bango ndi gumbwa zimakhala pomwe zili, namasupuni amatengeka ndi mphepo ndi madzi. Ikani zithunzi ziwiri za masiku osiyana pamodzi. Chobiriwira chomwe chasuntha ndiye mdani wanuyo. Ine ndimayamba ndajambula mzere wa bango pa chithunzi choyera cha Seputembala kapena Okutobala, kenako ndimachotsa deralo pa mawerengero onse. Musatenge chithunzi chakale ayi. Madzi anakwera kwambiri mu 2023 ndi 2024, mpaka malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja kuno anamira, ndiye gombe silili pomwe linali.

Anaphiri: Zikomo kwambiri, zimenezo sindinaziganize. Nanga amene wakodwa m'bango, osasuntha? Ndiye amene akundidetsa nkhawa, chifukwa wa m'mbaliyo ndi amene amatseka madooko, mabwato n'kulephera kutuluka.

Achisale: Ameneyo setilaiti siikupatsani yankho lonse. Kadontho kamodzi ka pa chithunzi cha Sentinel-2 ndi mamita 10 mbali zonse, zomera zikasakanikirana m'menemo zimawerengedwa pamodzi.

Che Saidi: Apo pafunika kunyowa mapazi. Lankhulani ndi a BVC (komiti yoyang'anira za usodzi pa dooko), akupezereni msodzi woidziwa nyanjayo. Mutenge GPS, mulembe malo a bango lokha, a namasupuni yekha ndi osakanikirana, paliponse mujambule ndi foni. Malo amenewo ndi amene muphunzitsire kompyuta. Muwafunsenso asodziwo komwe mulu wa namasupuni unali sabata yatha, amakumbukira chifukwa ndi maukonde awo amene amakodwamo.

Anaphiri: Ndamva. Usiku uno nditsitsa Sentinel-1 magetsi akalola, Lachinayi ndilowa m'madzi m'mamawa kusanayambe mphepo. Che Saidi, GPS yanu ija ili pafupi? Ya ku ofesi kwathu batire yake inatha.

Che Saidi: Ilipo. Mudzaitenge Lachitatu madzulo, mubwere ndi mabatire anu.