CD71 ikuoneka pa blot, koma pa flow palibe kanthu

retic265: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikuyeza CD71, receptor yemwe amalowetsa iron m'selo (dzina lake lina ndi TfR1), pa ma reticulocyte (maselo ofiira osakhwima) a ana omwe ali ndi magazi ochepa. Antibody yathu ndi H68.4. Pa western blot (njira yosiyanitsa mapuloteni malinga ndi kukula kwake) ya K562 (maselo a munthu okulitsidwa mu labu) ikutulutsa mzere woyera pa 95 kDa, koma pa flow cytometry (makina oyeza maselo athunthu limodzilimodzi) maselo onse akugwera ku negative, ngakhale K562 yomweyo. Magazi timatengera mu EDTA, timaswa ndi ACK (buffer ya ammonium chloride yoswera maselo ofiira), antibody imakhala mphindi 30 pa benchi, kenako secondary (antibody yachiwiri) ya utoto wowala wa FITC. Kodi antibody yathu yawonongeka?

blot_yekha: Siinawonongeke achimwene, mukungoituma komwe singafike. H68.4 imagwira mchira wa TfR1 womwe uli mkati mwa selo, cha pa ma amino acid 3 mpaka 28. Pa blot SDS yaswa kale selo, ndiye mchirawo uli poyera. Selo likakhala lathunthu mchirawo watsekeredwa mkati. Mukufunika clone (mtundu wa antibody) yogwira mbali yakunja: OKT9, M-A712 kapena CY1G4 ya maselo a munthu. Ya maselo a mbewa ndi R17217 kapena C2. Tengani yobwera ndi utoto wake kale, musiyane ndi secondary.

Mutha kuboola selo ndi saponin kuti H68.4 ilowe, koma pamenepo mukuwerenga receptor yense, kuphatikizapo wochuluka yemwe ali mu ma endosome (timatumba ta mkati mwa selo). Si funso lanu limenelo.

mayi_flow: Ndikugwirizana nazo, koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi ACK. Reticulocyte ndi selo lofiira, ammonium chloride imaliswa pamodzi ndi anzake. Ngakhale mutagula clone yoyenera mawa, mudzakhala mukufunafuna maselo omwe mwataya kale mu supernatant. Musaswe konse.

Chitani chonchi. Thirani 5 µL ya magazi mu 1 mL ya PBS yokhala ndi 0.5% BSA, mutengeko 50 µL pa chubu chilichonse. Amenewo ndi maselo pafupifupi 1 miliyoni. Zonse zichitikire pa ayisi, ndipo buffer ikhale ndi 0.1% sodium azide. Receptor ameneyu sakhazikika, amalowa ndi kutuluka m'selo mphindi zochepa zilizonse kukatentha, ndiye mphindi 30 pa benchi ndi zambiri.

Za mitundu samalani. Ngati mukuzindikira ma reticulocyte ndi thiazole orange (utoto wogwira RNA), iyo yatenga kale njira ya FITC ndipo imatayikira ku PE. CD71 ikhale pa APC. Antibody ya CD235a, chizindikiro cha maselo ofiira, muichepetse kwambiri, chifukwa ikachuluka imamatitsa maselo ofiira n'kupanga zibuma zomwe zimatuluka ngati ma doublet kapena kutseka makina. Yesani 1:200, 1:500 ndi 1:1000, musankhe yochepetsetsa yomwe ikulekanitsabe bwino. Ikaninso CD45 kuti muchotse maselo oyera, popeza ma lymphocyte omwe akugawikana nawonso amakhala ndi CD71.

retic265: Zikomo mayi, za ACK sindinaziganizire. Nanga ndiyembekezere maselo angati a CD71?

mayi_flow: Ochepa. Reticulocyte ikamakhwima imataya receptor kudzera mu ma exosome (timatumba tomwe selo limatulutsa), choncho ambiri oyenda m'magazi amakhala ndi RNA koma CD71 yatsika kale. Owala kwambiri ndi omwe angotuluka kumene mu mafuta a m'mafupa. Werengani ma event osachepera 200,000, FSC ndi SSC (miyeso ya kukula ndi kapangidwe ka selo) zili pa log. Kukhwimako kumapitirirabe m'chubu magazi akakhala pofunda, ndiye asungeni pa 4 °C ndipo muyeze tsiku lomwelo. Ochokera kutali abwere mu cool box, ndipo lembani ola lomwe anatengedwa. Mukapanda kutero mudzayerekeza ana awiri pomwe chosiyana ndi kutalika kwa ulendo.

retic265: Pa blot pali zinanso ziwiri. Nthawi zina pamabwera mzere wina cha pa 190 kDa. Komanso tinayesa plasma, sipanatuluke kanthu.

blot_yekha: Wa 190 ndi receptor yemweyo. Amakhala awiriawiri, omangidwa ndi ma disulfide, ndiye DTT, mankhwala omasula ma disulfide, ikafooka samasukana onse. Ikani DTT yatsopano, 50 mpaka 100 mM, mutenthetse pa 70 °C kwa mphindi 10. Mzerewo ukatha n'kuwonjezera wa 95, nkhani yatha.

Plasma H68.4 singaione. Receptor wa mu plasma, sTfR, ndi chidutswa chomwe chadulidwa pa amino acid ya Arg100, cha 85 kDa, ndipo mchira uja umatsalira m'selo. Imeneyo yezani ndi ELISA ya sTfR.

mayi_flow: Clone yatsopano ikafika, musayambire pa magazi a ana, ndi ochepa ndipo sabwerezeka. Yambirani pa K562 yogawidwa patatu: yosaikidwa kanthu, ya deferoxamine 100 µM usiku umodzi, ndi ya ferric ammonium citrate yowonjezera iron. Deferoxamine imalanda iron, ma IRP (mapuloteni omva kuchepa kwa iron) amateteza mRNA ya TFRC (jini ya CD71), CD71 imakwera. Ya iron wochuluka itsike. Ngati zitatuzi zikulekana motero, antibody ikugwira chenicheni, ndipo isotype control (antibody yofanizira yosagwira CD71) payokha singakuuzeni zimenezi. Mukafuna kugwiritsa ntchito HeLa (mtundu wina wa maselo a mu labu), ichotseni pa flask ndi EDTA, chifukwa trypsin imadula mbali yakunja ya receptor yomwe clone yanu ikufuna.