Ukwati wa amuna okhaokha womangidwa ku South Africa: katundu wa ku Malawi atetezedwa bwanji?

Abale odziwa malamulo, tithandizeni. Ku South Africa, lamulo la Civil Union Act la 2006 limalola amuna okhaokha kapena akazi okhaokha kukwatirana, ndipo Home Affairs imapereka setifiketi. Kuno kwathu, lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa mwamuna ndi mkazi basi, choncho setifiketiyo ilibe mphamvu ngakhale itadindidwa zidindo zonse.

Vuto lalikulu limabwera pa maliro. Mmalawi wa m'banja lotere akamwalira osalemba wilo, lamulo la chuma cha masiye la 2011 ligawira ana, makolo ndi abale, mnzakeyo n'kutsala chimanjamanja.

Ndiye kodi wilo yolembedwa ku Johannesburg ikwanira pa nyumba ya ku Blantyre ndi ndalama za kubanki, kapena pafunika ina yolembedwa kuno, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri zosalandira gawo? Nanga mnzakeyo atchulidwe bwanji mu wiloyo, poti khoti la kuno ku Malawi mu 2024 linasiya zigawo 153 ndi 156 za Penal Code (lamulo la milandu), zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha, zikugwirabe ntchito? Apa mpamene tikuopa kwambiri, kuti pepala lomuteteza lingamuike m'mavuto. Maloya amene munagwirapo nkhani yotere, tiuzeni njira yake.