Thandizeni nzeru: apongozi akukana bandi ya bagpipe yamakono pa ukwati wathu

Membala wobisa dzina

Abale anga, makamaka inu okhala ku Scotland, ndithandizeni maganizo. A admin, dzina langa libisike chonde.

Ndikukwatiwa mu July ndi mnyamata wa konkuno, kwawo ndi ku Perthshire. Ankhoswe anakambirana kale, holo talipira. Chatsala ndi nyimbo, ndipo apa ndiye pavuta.

Bwenzi langa ndi anzake akufuna bandi ya masiku ano, ija yophatikiza bagpipe (chida choimbira cha kuno, cha zitoliro ndi thumba la mpweya) ndi magitala amagetsi, ng'oma ndi kiyibodi. Inenso ndinazikonda titapita ku chikondwerero cha nyimbo cha Celtic Connections ku Glasgow mu January, munthu sungakhale pansi zikayamba. Koma apongozi aamuna akhala akuliza bagpipe m'bandi ya m'tauni mwawo kuyambira ali mwana, ndipo akuti zimenezo ndi phokoso chabe. Anena mosabisa kuti tikabweretsa bandi yotere, iwo sadzaliza pondilowetsa m'tchalitchi. Ine ndimafunitsitsa adzalize, chifukwa bambo anga anatisiya ndipo mkuluyu wandilandira bwino kwambiri.

Ndiye pali azakhali anga amene akubwera kuchokera ku Zomba. Iwo bagpipe ya mtundu uliwonse sakuifuna. Akuti anaiona pa TV pa maliro a Mfumukazi Elizabeth mu 2022, ndiye kuiliza pa ukwati ndi kudziitanira malodza. Amayi angoti bola pakhale DJ wa perekaniperekani.

Kodi mkangano umenewu ndi wa banja lino lokha? Nanga ndichite bwanji osakhumudwitsa mkuluyu?

Wa ku Govan

Chemwali, choyamba mafuno abwino. Mkanganowu ndi wakale kuno. Oliza bagpipe ambiri anakulira m'mipikisano, komwe oweruza amamvetsera chala chilichonse, ndipo timawu tokometsera nyimbo tija tili ndi malamulo ake. Mudzapite ku Glasgow Green mu August pa mpikisano wa mabandi a dziko lonse mukaone mmene anthu amaitengera nkhaniyi. Munthu wokulira mmenemo akamva bagpipe ikuthamangitsana ndi gitala, makutu ake amangomva zala zikudumpha zimene iye anavutika nazo zaka zambiri.

Malemu Gordon Duncan, wa ku Pitlochry ku Perthshire komweko, akuluakulu ena anamudzudzula chifukwa cha kalizidwe kake kachilendo, mpaka chimbale chake cha 1994 anachitcha dzina la mkulu amene anamudzudzulayo. Lero nyimbo zimene anapeka akuziliza ndi mabandi a mpikisano omwewo. Afunseni apongozi za Duncan. Akati amamulemekeza, ndiye kuti mpata wokambirana ulipo.

Make Mapasa ku Leeds

Ine pepani, ndili mbali ya apongozi. Ndinapitako kukaonera bandi ina yotchuka yoliza nyimbo za rock pa bagpipe. Poyamba zimakoma, kenako zonse zimamveka chimodzimodzi, ndinabwerako mutu ukuwawa. Komanso iwe mwana, apongozi ukhala nawo moyo wonse, bandi ndi ya usiku umodzi.

Mphunzitsi wa ku Dundee

Amayi a ku Leeds, musaziike m'thumba limodzi. A Red Hot Chilli Pipers, amene anatchuka atapambana mpikisano wa pa BBC mu 2007, cholinga chawo ndi kusangalatsa khamu, ndipo amatha ntchito yawo. Martyn Bennett anali wina: anaphunzira bagpipe mwa chikale bwinobwino, kenako n'kuiphatikiza ndi nyimbo za m'makalabu, ndipo pa chimbale chake chomaliza cha 2003 anagwiritsa ntchito mawu a anthu akale ojambulidwa akuimba nyimbo za makolo. Anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 33 zokha. Ndiye pali Brìghde Chaimbeul wa ku chilumba cha Skye, wamakono ndithu, koma nyimbo zake ndi zodekha, zina mpaka umachita nazo nthumanzi. Ndikudziwa madala amene amadana ndi oyambawo koma mtsikanayu amamukonda. Funso ndi lakuti apongoziwo akudana ndi chiyani kwenikweni: ng'oma, liwiro, kapena nyimbo za rock?

Mnyasa wa ku Dublin

Inu mukukangana chifukwa bagpipe yanu ndi yaukali. Kuno ku Ireland bagpipe yathu, uilleann pipes, amaliza atakhala pansi, mpweya amapopa ndi chigongono, mawu ake ndi ofewa moti imalowa bwino m'bandi. UNESCO inaivomereza mu 2017 ngati chikhalidwe chofunika kusungidwa. Bwerani mudzachitire ukwati kuno basi.

Wa ku Govan

Achimwene a ku Dublin akuseka koma akhudza mfundo. Bagpipe yaikulu ya ku Highlands inapangidwira panja. Ili ndi manotsi 9 okha, mipope itatu yong'ung'udza pa phewa, ndipo sungaichepetse mawu. Ikalira yalira. Ndiye m'holo, kuti gitala ndi ng'oma zimveke, amazikweza mpaka zifanane nayo, agogo n'kumatseka makutu. Komanso mawu ake amakwera kupitirira pang'ono B flat, choncho mabandi amagwiritsa ntchito chitoliro chochunidwa mwapadera kuti igwirizane ndi zida zina. Mabandi ena a ceilidh, magule a makolo a kuno, amakhala ndi smallpipes kapena border pipes, mabagpipe aang'ono opopa ndi chigongono, osaboola makutu. Chemwali, funsani bandiyo kuti imaliza iti.

Mtonga weniweni

Koma azungu nawonso eti. Kwathu ku Nkhata Bay malipenga timati ndi gule wa makolo, chonsecho anachokera kwa asilikali, agogo athu anatengera perete ndi mabandi a nkhondo n'kupanga malipenga a zikho. Pa nthawiyo ndikhulupirira analipo madala amene ankati ana awa akuononga mwambo.

Gogo wa Mvano

Za azakhali musazipeputse, ana inu. Munthu akaona chinthu koyamba pa maliro, mtima umasunga zimenezo. Mwanawe, uwatumizire pa WhatsApp kanema wa ukwati wa ku Scotland, aone mkwati ndi mkwatibwi akutuluka m'tchalitchi woliza bagpipe ali patsogolo, anthu akuseka. Uwauzenso kuti woliza ndi bambo a mkwati. Akadziwa kuti ndi ulemu wa apongozi, sangakane. Osadikira kuti adzadzidzimuke tsiku lomwelo.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse. Usiku wathawu ndinawafunsa za Gordon Duncan, analankhula mpaka tiyi kuzizira. Akuti anali katswiri, ngakhale zina anapyola nazo muyeso. Chimene sakufuna ndi ng'oma ndi bass, akuti zimakwirira kung'ung'udza kwa mipope ija, pomwe kwa iwo nyimbo yonse imatsamira pamenepo. Bandi ndaifunsa, ili ndi zonse ziwiri, yaikulu ndi border pipes. Koma bwenzi langa akuti popanda ng'oma anzake sadzavina. Kanema wa azakhali ndatumiza, sanayankhe.

Mphunzitsi wa ku Dundee

Ndiye gawani tsikulo. Apongozi alize okha kutchalitchi ndi polowetsa akwati ku chakudya, ndipo mwamuna wanu asaiwale kuwapatsa kakapu ka whisky akamaliza, ndi mwambo wa kuno. Magule oyamba a ceilidh, Gay Gordons ndi Strip the Willow, bandi ilize ndi border pipes, wang'oma amenye mofatsa, pakhale wofotokoza masitepe kuti a ku Malawi alowe nawo. Perekaniperekani abwere pakati anthu asanatope. Bagpipe yaikulu ndi magitala muziike kumapeto, akuluakulu atayamba kupita. Pulogalamuyi mwamuna wanu akaionetse yekha kwa bambo ake, isachokere kwa inu, ndipo muwauze a bandi msanga chifukwa ena amalipiritsa padera mukasintha maola.